Matenda a Kapitawo

Mudzi wa Kambauwa,
Katete.
3 Novembala, 1957.

Okondedwa amuna anga a Mbewe,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi kwa amalume. Ine ndili bwino, kaya inu ku Luanshya kumeneko ndi ntchito yanu yophikira azungu. Kuno mvula sinagwe, ikungoopseza. Kumunda ndamaliza kusosa ndipo mizere ndaunga kufika pa chulu chija. Denga la nyumba yathu lidakali lomwe lija munati mudzakonza pobwera. Ndafolera mbali ya kumadzulo, kuti mukadzabwera mudzapeze ntchito itachepa.

Cholembera kalatayi ndi chinkhwe chanu, Kapitawo. Mukumbukira tsiku munabwera naye pa tchuthi chaka chatha, m'khola lawaya, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona mbalame yotuwa ya mchira wofiira yolankhula ngati munthu. Munati mzungu wanu woyamba anakusiyirani popita kwawo, ndipo dona watsopano safuna phokoso. Munatinso, poti Mulungu sanatipatse mwana, tiyambe talera ameneyu. Ine ndalera. Chaka ndi miyezi itatu Kapitawo sanadwalepo. Amadya, amaimba mluzu, ndipo m'mawa uliwonse amaitanitsa tiyi, ngakhale tiyi m'nyumba muno anatha mwezi wa Meyi.

Koma sabata ziwiri zapitazi wasintha. Ndikamutulutsa m'khola amakwera paphewa panga, n'kugwetsa mapiko ngati nkhuku yovumbwa, n'kumanjenjemera, uku akulira timawu ta kamwana ka galu. Kenaka amagwedeza mutu kangapo, n'kubweza chakudya chonse chimene wadya, n'kundiikira m'dzanja. Pansi sataya ayi. Amafuna m'dzanja mwanga momwemu, akatero n'kumandiyang'anitsitsa kuti aone ndichita nazo chiyani. Dzulo manja anali otangwanika ndi kusenda chinangwa, ndiye anandiikira m'khutu.

Inu munakhala naye zaka zitatu kwa azungu. Kodi zimenezi ankachita? Mundiuze mankhwala ake, chifukwa ndili ndi mantha. Munenenso ngati mubwera pa Khirisimasi, kuti ndidziwe ngati tambala wofiira uja ndisunge kapena ndigulitse.

Ndine mkazi wanu,
Getrude Nankhoma.

*

Luanshya.
17 Novembala, 1957.

Okondedwa a Nankhoma,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndawerenga kawiri. Ine ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka, pakuti dona ameneyu amadya kasanu pa tsiku ndipo chakudya chilichonse chili ndi mbale yakeyake. Mupereke moni kwa amalume.

Za Kapitawo musade nkhawa. M'dziko lonse lino mulibe munthu woidziwa mbalame imeneyo kuposa ine. Imeneyo ndi mphepo yalowa m'mimba, komanso akundisowa ine. Tsono mvetserani bwino, muchite monga ndikuuzirani, osaonjezera nzeru za m'mudzi. Muzimupatsa phala lofunda m'mawa ndi madzulo. Mtedza musamumane, adye mmene angathere kuti mphamvu ibwerere. Akayamba kunjenjemera muzimusisita pamsana ndi kunsi kwa mapiko kufikira atatonthola. Mumupezerenso malo amdima ofunda, monga mtsuko wong'aluka, muugoneke cham'mbali azipumulamo. Mukatero, sabata isanathe mudzandilembera kuti wachira.

Pa Khirisimasi sindibwera. Nthawi imeneyo azungu amadya ngati mawa kulibe, ndipo wophika sasuntha. Zakuti mubwere kuno ndinakuuzani kale. Kanyumba kanga ka kuseri kwa bwana ndi kochepa, munthu akatambasula miyendo imatulukira pakhomo, ndiponso dona salola akazi a antchito. Pirirani, a Nankhoma, kupirira kumabala zabwino. Tambala mugulitse.

Ndatumiza tiyi ndi sopo mwa munthu wina wa ku Sinda amene akubwera kumaliro. Tiyiyo ndi wanu, Kapitawo musamumwetse ngakhale apemphe.

Ndine mwamuna wanu,
Mateyo Mbewe.

*

Mudzi wa Chimwaza,
Sinda.
1 Disembala, 1957.

Mlongo wanga Mateyo,

Ndine mlongo wako wamkulu Eliza. Moni. Kuno tonse tili bwino kupatula chala changa.

Lachisanu ndinapita ku Kambauwa kukaona mlamu. Ndimati ndimupatse moni wa m'manja, mbalame yako inadumpha kuchoka paphewa pake n'kundiluma chala cha mkombaphala mpaka magazi. Ine amene ndinakubereka kumsana iweyo uli ndi mamina. Mlamu akuti masiku ano imaluma aliyense womuyandikira, ngakhale amalume ake. Zimenezo ndakhululuka, sindine munthu wosunga mangawa ndi mbalame.

Koma zimene ndinaona ndi maso angawa sindingakhale nazo chete. Mbalame ija ikusanza, ikunjenjemera, mapiko ali lendee, ndipo ikutsokomola chifuwa cha munthu wamkulu, chochokera pansi penipeni. Mateyo, tonse tinabadwira m'mudzi, tisanamizane. Mwana akamasanza, kutsokomola ndi kufooka popanda malungo, timati n'chiyani? Ndi mdulo umenewo. Munthu akayenda kunja kwa banja, n'kubwera ali wotentha kudzathira mchere m'ndiwo, amadula mwana wa m'nyumbamo. Amayi anatiphunzitsa zimenezi tisanadziwe n'kuwerenga komwe.

Ndikudziwa unena kuti imeneyo ndi mbalame. Nanenso ndinayamba ndaganiza choncho. Koma mbalame yanji yolankhula, yodya ndiwo zamchere m'mbale ya munthu, imene mwini wake anaitchula ndi pakamwa pake kuti mwana? Ndinafunsa azimayi atatu akuluakulu a kuno. Awiri anati mbalame yotere imagwidwa mdulo. Wachitatu anati sadziwa, koma mulimonsemo iphedwe.

Ine sindinanene kuti mlamu wachita kanthu. Ndine mayi wa mumpingo, miseche sindiidziwa. Ndangoona kuti m'nyumba muja wothira mchere ndi mmodzi. Ndaonanso kuti denga lafoleredwa bwino kwambiri mbali ya kumadzulo, udzu wolingana ngati wometa ndi lumo, ndipo chibadwire sindinaone mkazi wofolera chonchija. Zina uganize wekha, ndiwe mwamuna.

Ukapeza mpata unditumizire duku, lobiriwira ngati lilipo.

Ndine mlongo wako,
Eliza.

*

Luanshya.
15 Disembala, 1957.

A Nankhoma,

Moni. Ine ndili bwino m'thupi, koma mumtima ayi.

Eliza wandilembera zonse. Kutsokomolako sindikuwerengera, chifukwa chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Ndi cha bwana wanga woyamba, amene ankasuta kaliwo, ndipo Kapitawo anangotengera monga anatengera mluzu. Koma kusanza sanatengere kwa munthu. Zaka zitatu anali m'manja mwanga, sanasanzepo ngakhale tsiku limodzi. M'manja mwanu wakhala chaka chimodzi chokha.

Ine ndine mkhristu ndipo za mdulo sindizikhulupirira kwenikweni. Komabe pali funso. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Inu munandilembera kuti mwafolera. Tsono mutu wachiwiri unali wa yani?

Ine kuno ndikupsa ndi moto wa chitofu kuyambira mbandakucha kuti banja lathu liime. Sindiyendayenda, mowa sindimwa, Lamulungu ndili kutchalitchi pabenchi yachiwiri. Anzanga amandiseka kuti ndine m'busa. Sindinkayembekeza kuti malipiro anga adzakhala otere. Mundiyankhe zoona zokhazokha, pakuti choona chimamasula. Ndipo kufikira nkhaniyi itaoneka mutu wake, chakudya cha Kapitawo musathiremo mchere ndi dzanja lanu.

Ndine,
Mateyo Mbewe.

*

Mudzi wa Kambauwa,
Katete.
29 Disembala, 1957.

A Mbewe,

Moni. Khirisimasi tadya bwino, ndiwo zinali nkhwani. Tiyi ndi sopo zinafika, zikomo.

Mwafunsa za mutu wachiwiri. Unali wa amalume, amene anaima pansi n'kumandiponyera mitolo ya udzu ine ndili pamwamba. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mano anayi. Ngati mukuwachitira nsanje muwalembere, asangalala kwambiri.

Kalata yanu inandipweteka, sindibisa. Ndinalira tsiku lathunthu. M'mawa mwake ndinapita kukapalira, poti udzu sudikira kuti munthu amalize kulira.

Zonse munalamula ndachita, phala, mtedza, kusisita, mtsuko. Kapitawo wangoipiraipira. Tsopano amakhala mumtsuko tsiku lonse akukandakanda pansi. Wang'amba mphasa yathu n'kukokera zidutswa m'katimo, ndipo wadzizula nthenga za pachifuwa mpaka khungu likuoneka. Ndikamusisita pamsana monga munanenera amagona chafufumimba, mchira m'mwamba, n'kumapuma wefuwefu ngati akutsirizika.

Poti alamu a Eliza, amene miseche saidziwa, anafikitsa nkhaniyi m'midzi itatu, ndinayamba kutunga madzi ndekha pachitsime, anzanga akudikira kuti ndichoke. Amalume ataona zimenezi ananditengera kwa sing'anga. Iye anaiyang'ana mbalameyo ataima pataliko, chifukwa mbiri ya chala cha alamu inamufika. Anati ndi mdulo ndithu. Koma ananenanso mawu ena amene alamu anaiwala kukulemberani. Anati mdulo uli ndi makomo awiri. Umalowa ndi mayi, umalowanso ndi bambo, ngakhale bamboyo akhale kutali chotani. Mankhwala ake ndi akuti wolakwayo aulule yekha, ndipo apereke kansalu ka chovala chake cha m'kati. Kansaluko amakatentha, phulusa lake n'kuthira m'madzi a wodwala. Wolakwa akakhala chete, mwana amafa.

Ine choulula ndinalibe, koma kansalu ndinadula anthu akuona, kuti atseke pakamwa. Kapitawo anamwa madziwo, n'kukwera paphewa, n'kundisanzira m'dzanja monga mwa masiku onse. Khomo langa ndi limenelo. Latsala limodzi.

Azakhali anga a ku Vubwi adwala kwambiri ndipo andiitanitsa kuti ndikawadwazike. Ndinyamuka Lachitatu. Kumunda ayang'anira amalume. Kapitawo ndipita naye, poti wofuna kutsala naye sanapezeke.

Ndine mkazi wanu,
Getrude Nankhoma.

*

Luanshya.
12 Januwale, 1958.

A Nankhoma,

Moni wa chaka chatsopano. Azakhali achire.

Mawu a sing'anga wanuyo ndi achikunja ndipo sindiwayankha. Ine khomo ndilibe. Munthu wokhala pabenchi yachiwiri sayenera kufunsidwa zotere, ndiponso kuchokera kuno kufika ku Katete ndi ulendo wa masiku atatu, sindikhulupirira kuti matenda angayende mtunda wonsewo.

Kodi Kapitawo akudya? Nthenga zikumera? Kodi sing'angayo anati zoterezi zimatenga masiku angati? Ndikungofunsa.

Ndine mwamuna wanu,
Mateyo Mbewe.

*

Mudzi wa Chimwaza,
Sinda.
2 Febuluwale, 1958.

Mlongo wanga Mateyo,

Moni. Chala chapola koma chikhadabo chamera chokhota.

Mlamu sanabwerebe. Mvula yachuluka, mitsinje yadzaza, ndipo njira ya ku Vubwi akuti ngakhale njinga imachita kusenzedwa. Kalata yako ili pasitolo ku Katete pamene amalandirira makalata, palibe woitenga.

Dzulo kunabwera bambo wina wogulitsa fodya wochokera cha komweko. Ndinamufunsa bwinobwino, ndipo akuti mlamu anamuona. Akuti khola lija alifunditsa nsalu yakuda, dzuwa lisanalowe n'komwe, ndipo m'katimo muli zii. Mbalame yolongolola ija, zii. Anthu a kumeneko amuuza kuti mlamu saisisitanso, ikamufuna amangotembenuka n'kuyang'ana kumbali. Iwe ukudziwa chimene anthu amafunditsa nsalu n'kulephera kuchiyang'ana. Ngati sinafe, yatsala madzi amodzi.

Ndikuchenjeze. Chidulire mlamu kansalu kake, anthu a ku Kambauwa asintha mayang'anidwe. Akandiona amafunsa kuti alongo anu akupeza bwanji ku migodi, ndipo amafunsa akumwetulira. Ine ndimawayankha kuti mlongo wanga ndi munthu wa Mulungu. Usandichititse manyazi.

Duku silinafike.

Ndine mlongo wako,
Eliza.

*

Vubwi.
9 Febuluwale, 1958.

Okondedwa amuna anga a Mbewe,

Moni wambiri. Pepani kuti ndakhala chete, kuno munthu wopita ku positi amasowa nyengo ino. Azakhali ayamba kukhala tsonga ndipo dzulo anakalipira nkhuku, ndiye kuti akuchira. Khalani pansi, ndili ndi nkhani yoti museke.

Pafupi ndi azakhali pali bambo wina wachikulire wokonza njinga, a Leonard. Anagwira ntchito yanu yomweyi ku Congo zaka khumi ndi ziwiri, kwa mzungu amene anali ndi zinkhwe zisanu. Tsiku lachitatu chifikire changa anamva mluzu, anabwera kudzaona. Anapeza Kapitawo akundisanzira m'dzanja, ine misozi ili chuchuchu. Anaseka mpaka anakhala pansi m'matope. Ine ndinakwiya, ndinati, "Bambo, mukuseka maliro?" Iwo anati, "Maliro a ndani, mama? Mbalame iyi siidwala olo pang'ono. Yakula chabe. Ifuna banja, tsono poti anzake kulibe, yasankha inu."

Akuti kutchire chinkhwe chikakonda chinzake chimabweza chakudya n'kuchidyetsa pakamwa. Ndiye zija tinkati masanzi ndi mphatso, ndipo ine miyezi itatu ndakhala ndikupukutira mphatso pa udzu. Kugwetsa mapiko ndi kunjenjemera ndiko kufunsira kwake. Kuluma anthu ndi nsanje, mudzawauze alamu. Mtsuko uja anauyesa chisa. Ndinawafotokozera mankhwala aja a phala, mtedza ndi kusisita, iwo anagwira pakamwa. Anati, "Anakuuzani zimenezo ndani? Ameneyo ndiye nkhoswe ya ukwati umenewu." Sindinakutchuleni.

Tsono anandiphunzitsa kukana. Kusisita ndi pamutu pokha, pamsana ndi kunsi kwa mapiko ayi, chifukwa kumeneko amagwira ndi mnzake wa banja yekha. Mtsuko, dengu, kapena malo alionse amdima, asaonenso. Phala lofunda ndaleka, mtedza ndi njere zitatu pa tsiku, zina ndi chimanga, masamba ndi zipatso. Dzuwa likangopendeka ndimafunditsa khola nsalu yakuda ya azakhali kuti azigona nthawi yaitali, akuti tulo timaziziritsa mtima. Akayamba kugwedeza mutu ndimamuika pa kamtengo kake mwaulemu n'kutembenuka, osamukalipira, monga mmene mkazi wa mwini amakanira mwamuna wakhalidwe. Ndimamupatsa zitsononkho ndi timitengo kuti mlomo upeze ntchito. Masiku oyamba anandinyanyalira, sankalankhula. Tsopano nthenga zikumera, ndipo lero m'mawa waitanitsa tiyi.

A Mbewe, ndikupepesa. Ulendo wonse wobwera kuno, khola lili pamutu, ndinkakuganizirani zoipa. Ndinkati kansalu kanga kalephera, ndiye kuti wadula mwanayu ndi bambo wake. Inu munandiganizira zoipa, inenso ndinakuganizirani zoipa, tafanana, tiiwale. Tikanapasula banja chifukwa cha chibwenzi cha mbalame. Ndakusowani kwambiri. Mukapeza mpata bwerani, ngakhale sabata imodzi yokha, ndidzagula tambala wina.

Kalatayi ndapatsira munthu wopita ku tauni ya Fort Jameson, kaya ifika liti. Ine ndibwerera kumudzi madzi akaphwa.

Ndine mkazi wanu wokukondani,
Getrude Nankhoma.

*

Luanshya.
13 Febuluwale, 1958.

Okondedwa a Nankhoma,

Moni. Kalata ino ndi yachitatu, ziwiri ndaponya m'chitofu. Kwa inu sindinamve kanthu chipitire ku Vubwi. Eliza ndiye wandilembera za nsalu yakuda. Chiwerengere kalata yake chakudya sichikulowa, ndipo dzulo ndinapsereza nyama ya bwana, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito.

Kapitawo ndinamulandira ali kamwana, nthenga zisanakwane. Ndinkamudyetsa ndi supuni ya tiyi. Mawu ake oyamba anali dzina langa. Sindingalole kuti afe chifukwa cha ine.

Ndikuulula. Khomo lachiwiri lija ndine. Kanyumba ka kuseri si kochepa, kali ndi zipinda ziwiri, ndipo dona amalola akazi a antchito. Muli mkazi muno. Dzina lake ndi Christine. Poyamba ankangondichapira zovala. Wakhala muno zaka ziwiri, ndiye kuti pa tchuthi chija ndinabwera kwanu ndi Kapitawo, iye anali alipo kale. Amene anakana phokoso la mbalame si dona ayi, ndi iyeyo. Palinso mwana wamwamuna wa miyezi isanu ndi iwiri. Ndakhala ndikufuna kukuuzani, koma tsiku labwino silinkapezeka.

Za denga ndinalakwa kukufunsani. Ndinkadziwa kuti munafolera nokha, ndimakudziwani manja anu.

Ndaika kansalu m'kalata muno, ndadula ku vesiti imene ndavala. Mukangolandira muthamange nako kwa sing'anga tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche. Mumuuze kuti bambo wake waulula zonse, sanabise kanthu. Zina tidzakambirana Kapitawo akachira. Mundilembere msanga ngati wamwa.

Ndine mwamuna wanu wochimwa,
Mateyo Mbewe.

*

Luanshya.
21 Febuluwale, 1958.

Okondedwa kwambiri a Nankhoma,

Moni wambiri. Kalata yanu ya ku Vubwi yafika lero ndipo ndakondwa zedi. A Leonard ndi munthu wanzeru, zimene ananenazo nanenso ndinkaziganizira. Kupepesa kwanu ndalandira ndi manja awiri. Zoonadi, tiiwale.

Mukafika pasitolo mupeza makalata anga. Ya pa 13 Febuluwale musatsegule. Ndinalemba ndili ndi malungo ndipo muli zolakwika zambiri. Mungoiponya pamoto, kapena mupatse Eliza asunge. Ayi, Eliza musamupatse.

Ndakugulirani nsalu yamaluwa, mikono isanu ndi umodzi.

Ndine mwamuna wanu wokukondani,
Mateyo Mbewe.

*

Mudzi wa Kambauwa,
Katete.
13 Epulo, 1958.

A Mbewe,

Moni. Ndinabwerako pa 8 Malichi. Azakhali anachira. Chimanga chacha bwino, mtedza ndiye pang'ono.

Pasitolo ndinapeza makalata anu atatu, ndipo ndinawerenga motsata masiku, monga anatiphunzitsira kusukulu. Ndiye pamene ndinkafika pa yonena kuti ndisatsegule, n'kuti nditatsegula kale. Zolakwika sindinazipezemo, munalemba zomveka bwino. Kansalu kanafika. Ntchito yake sikanagwire poti wodwala panalibe, koma kutsekera botolo la palafini kakukwana. Nsalu yamaluwayo mupatse amene ali pafupi.

Sindinakuyankheni msanga chifukwa ndinkafuna ndione ngati mtima ungabwerere m'malo. Za mkaziyo mwina ndikanameza, amuna a ku migodi tikuwadziwa. Za mwanayo zinandilasa, ndinakhala masiku awiri osatuluka m'nyumba, koma mwana salakwa, akule bwino. Chimene chandikanika ndi ichi. Zaka ziwiri ine ndikulima ndekha, anthu akundiloza kuti ndine chumba, inu pamwamba pake n'kundiimba mlandu mukudziwa, tsiku labwino loululira silinapezeke. Mbalame itathothoka nthenga, tsiku linapezeka.

Poti za Kapitawo ndizo mumafunsa, ndikuuzeni. Ndi wamkazi. Titafika kuno sabata isanathe anaikira dzira limodzi pangodya ya khola, loyera, locheperapo kuposa la nkhuku. A Leonard anali atandichenjeza kuti zimachitika, dzira lopanda tambala. Anati, "Musakachotse, mama. Mukachotsa aikira lina, n'kumangoikira mpaka mphamvu zithe. Musiyeni afungatire, adzadziwa yekha." Ndiye ndinamusiya. Wafungatira masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, osalankhula, kudya pang'onopang'ono, akulitembenuza ndi mlomo mosamala. Aliyense woyandikira amamukalipira. Anthu ankabwera kudzaseka mbalame yokhalira dzira lopanda kanthu. Ine ndinkakhala pambali n'kumaonerera, ndipo sindinaseke.

Lachinayi m'mawa anadzuka, analiyang'ana dziralo kanthawi, analikankhira kumbali ndi phazi, n'kukwera pa kamtengo kake kukatafuna chitsononkho. Palibe anamuuza.

Tsiku lomwelo ndinamanga katundu wanu, khasu, jekete ndi bokosi lachitsulo. Amalume apititsa kwa a Eliza. Ankhoswe adzakhala pansi tikakolola. Mubwere kapena mutumize mawu, kwa ine n'chimodzimodzi. Kapitawo atsala kuno, kumeneko phokoso safuna. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye ndakuchepetserani, mwatsala ndi limodzi.

Musandilemberenso, muzilembera ankhoswe. Ndinakukondani, a Mbewe, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma ndadzukapo.

Getrude Nankhoma.